Kiyi ndi chiyani kwenikweni, nanga badza la mganda lili m'gulu liti la zida zoimbira?

Mphunzitsi wa ku Santhe

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Santhe, ndipo teremu ino andipatsa Expressive Arts ya Sitandade 7. Zojambula ndi magule ndilibe nazo vuto, koma pa nyimbo ndikupempha thandizo kwa inu amene mumazidziwa bwino. Ndimaimba alito m'kwaya ya amayi ndipo wina akasochera khutu langa limamva, koma mawu monga kiyi, sikelo, biti ndi tempo ndimangowamva kwa anyamata a kiyibodi. Ndikufuna ndiwafotokozere ana m'njira yoti mwana wa kuno amve n'kutha kuchita, osati kungokopera za pa bolodi n'kuloweza.

Funso lachiwiri ndi la magulu a zida. Manotsi amene ndinawapeza amagawa zida panayi: strings, woodwind, brass ndi percussion, ndipo zithunzi zake ndi za violin, oboe ndi trombone. M'kalasi mwanga mulibe mwana amene anaonapo oboe. Zimene amadziwa ndi ng'oma, maseche, chisekese, banjo ya chigubu ndi mabadza a mganda. Mtsikana wina wochangamuka anandifunsa kuti badza tiliike pati, poti limaimbidwa pakamwa koma si chitoliro. Wina anafunsa za sansi, kuti tizitsulo take tija ndi nsambo kapena ayi. Mafunsowa anandisangalatsa kwambiri, ndipo ndikufuna ndiwabwerere ndi yankho loona.

Pasukulu pathu chida chimene chilipo ndi wezulo wa zamasewera ndi limu ya galimoto imene timaimba ngati belu. Ng'oma timachita kubwereka m'mudzi. Ngati pali zimene ana angapange okha, ndiuzeninso.

Mkulu wa kwaya, Kasungu boma

Zikomo amayi aphunzitsi. Ine ndiyankhapo za mawuwo, za zida ndisiyira ena. Ndinakulira m'makwaya a CCAP ndipo nyimbo ndinaziphunzira kudzera mu solofa, njira yoimba ndi kulemba nyimbo ndi do re mi, choncho ndiyambira pomwepo.

Poyamba penipeni ana asiyanitse kukuwa ndi kukwera. Mwana akhoza kuimba mawu okwera kwambiri monong'ona, ndipo bambo wa besi akhoza kudzaza tchalitchi chonse ndi mawu otsika. Kukwera ndi kutsikako ndi kumene mabuku amati pitch. Chimachititsa ndi liwiro la kunjenjemera: chinthu chikamanjenjemera mofulumira, mawu ake amakwera. Noti ya A imene oimba ambiri amachunira zida zawo imanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Ikafika pa 880 mumamvanso A yemweyo koma wapamwamba, pa 220 ndi A wapansi. Mtunda umenewo ndiye octave, ndipo ana amaumva Lamulungu lililonse. Abambo ndi amayi akamaimba nyimbo imodzi osagawana mawu, amakhala atatalikirana ndi octave.

Sikelo ndi makwerero ochoka pa do kukafika pa do wapamwamba: do re mi fa so la ti do. Chimene ambiri saphunzitsidwa n'chakuti masitepe ake si ofanana. Kuchoka pa mi kupita pa fa ndi theka la sitepe, kuchoka pa ti kupita pa do ndi thekanso, ena onsewo ndi athunthu. Timasitepe tiwiri tafupiti ndi timene timapangitsa kuti khutu lizidziwa pamene nyimbo ikupita. Yesani kuimba mpaka pa ti n'kuima, muone mmene ana avutikire mumtima. Ena amaliza okha ndi do musanawauze.

Kiyi tsono ndi malo amene mwaimika do wanu. Makwerero ndi omwewo, koma mukhoza kuwayambira pansi kapena pamwamba. N'chifukwa chake pamwamba pa nyimbo m'mabuku a solofa pamalembedwa kuti Doh is G kapena Doh is F. Nonse mwaonapo pamaliro, wina akayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, pofika pakati amayi a sopulano mawu awathera ndipo nyimbo yatsala ndi anthu atatu. Nyimboyo ilibe vuto, woyambitsayo wasankha kiyi yokwera. Chitsanzo chimenechi ana achimva msanga kuposa tanthauzo lililonse la m'buku.

Mayina a manotiwa ndi akale. Anayamba ndi mmonke wa ku Italy, Guido d'Arezzo, m'zaka za m'ma 1000, ndipo pa nthawiyo do ankatchedwa ut. Solofa imene timawerenga ifeyi inafalitsidwa ku England ndi m'busa John Curwen kuyambira m'ma 1840, potengera njira ya mayi Sarah Glover wa ku Norwich, cholinga chili choti anthu wamba aziimba powerenga popanda kuphunzira manoti a pa mizere isanu. Kuno inafika ndi amishoni, a Livingstonia amene anabwera mu 1875 ndi a Dutch Reformed amene anayambira ku Mvera mu 1889. Kasungu ili pakati pa mbali ziwirizi, ndiye musadabwe kupeza agogo kumudzi akuwerenga d r m bwinobwino.

Za nthawi ndizidutsa mwachangu chifukwa ana athu amabadwa nazo m'miyendo. Biti ndi kugunda kosasintha kumene phazi limaponda. Tempo ndi liwiro la kugundako. Rhythm ndi mmene mawu aatali ndi aafupi ayalidwira pamwamba pa bitiyo. Mabiti timawamanga m'magulu, ndipo loyamba la gulu limamveka mwamphamvu: anayi anayi ndi 4/4, ngati poguba, atatu atatu ndi 3/4. Mu solofa mzere woimirira umasonyeza biti yamphamvu, madontho awiri biti yofooka, dontho limodzi limadula biti pakati, kamzere kogona kamatanthauza kuti pitirizani noti yomweyo, ndipo malo opanda kanthu ndi popumira.

Chimodzi chokha ndikupemphani muchite ndithu. Gawani kalasi pawiri, onse aziwerenga 1 mpaka 6 mobwereza. Gulu lina liziwomba m'manja pa 1, 3 ndi 5, linalo pa 1 ndi 4. Poyamba asokonezana, koma zikagwirana amva chinthu chimene amachidziwa kale ku chimtali ndi ku magule ena, atatu kuyenda pamodzi ndi awiri. Ku sukulu za nyimbo zimenezi amaziona ngati phunziro lovuta, pamene atsikana a ku Santhe amazichita pa bwalo mwezi ukawala. Manoti a pa mizere isanu musayambe nawo. Khutu liyambe, kenako pakamwa, cholembera pomaliza.

Wovina mganda, kwa Wimbe

Mayi, mtsikana wafunsa za badzayo mumusamale, ali ndi mutu. Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo mganda ndavina kuyambira ndili mnyamata, choncho funso lake landikhudza.

Magulu anayi a m'manotsi mwanuwo si olakwika, koma anapangidwira bandi ya ku Ulaya yotchedwa orchestra. Zida zathu zikalowamo zimapanikizika, ndipo pafupifupi zonse amangoziunjika mu percussion. Pali kagawidwe kena kamene anakonza akatswiri awiri, Erich von Hornbostel ndi Curt Sachs, mu 1914, kofuna kukwanira zida za dziko lonse. Iwo amafunsa funso limodzi basi: pa chida ichi, chimene chikunjenjemera kuti mawu atuluke n'chiyani? Mwana akagwira funso limeneli, chida chilichonse achiika yekha pamalo pake.

Ngati chikunjenjemera ndi thupi la chidacho, popanda chikopa kapena nsambo, ndi idiophone. Limu yanu ya belu ili m'menemu, pamodzi ndi maseche, khasu loimba ndi msomali, ndi chisekese chimene amayi a cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma amachigwedeza mwaluso. Mangolongondo a Ayao, mitengo yoyala pa mathunthu a nthochi, ali momwemu, ndiponso valimba ya ku Chigwa cha Shire. Sansi nayo ndi ya gulu lino. Tizitsulo take si nsambo, chifukwa nsambo imamangidwa mbali zonse ziwiri n'kukungidwa, pamene kachitsulo ka sansi kagwidwa mbali imodzi ndipo kamanjenjemera chifukwa cha kulimba kwake. Katalikatali kamalira pansi, kafupi kamalira pamwamba. Mwana apanikize lula m'mphepete mwa desiki n'kuikhwapula, kenako aifupikitse, aona yekha. Muwauzenso kuti luso lopanga ndi kuimba sansi ndi mbira linalembedwa ndi UNESCO mu 2020 m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe.

Ngati chikunjenjemera ndi chikopa chokungidwa, ndi membranophone. Apa ndi pa ng'oma zathu zonse: gunda, mpanje, mbalule imene imatsogolera pa bwalo la gule. Ndikutchula zimene aliyense amaona pa bwalo, zinazo si za pano. Pa ng'oma pali phunziro lonse la pitch limene akulu a kwaya afotokoza. Tikaiwamba pamoto chikopa chimakungika ndipo mawu amakwera. Tikamata phula pakati chikopa chimalemera, chimanjenjemera pang'onopang'ono, mawu amatsika n'kunenepa. Woimba ng'oma akamabwerera ku moto pakati pa gule ndiye kuti akuchuna, monga mmene wa gitala amapotokolera zikhomo zake.

Nsambo ikamanjenjemera ndi chordophone. Gitala, banjo ya chigubu, babatoni, bangwe, ndi kaligo wa nsambo imodzi amene amakhwekhwereza ndi kauta monga violin ya pa chithunzi chanucho. Palinso nkangala, uta wa bango umene amayi amaimba atautsamiritsa pakamwa, umene unabwera ndi Angoni. Pamenepo pakamwa pamangokuza ndi kusankha mawu, koma cholira ndi nsambo.

Mpweya weniweniwo ukamanjenjemera m'kati mwa chida ndi aerophone: chitoliro, wezulo wanu uja, lipenga la nyanga, malipenga a bandi ya apolisi, ngakhale vuvuzela amene anatchuka ndi mpira wa ku South Africa mu 2010.

Tsono badza. Aliyense amaliika kwa malipenga, poti limagwidwa pakamwa ndipo pa mganda limaimira malipenga a asilikali, paja mganda unatengera perete wa asilikali a KAR (King's African Rifles) a nthawi ya atsamunda. Koma tengani badza mungouziramo mpweya chabe, simumva kanthu. Woimba badza amaimbiramo ndi mawu ake. Badza limapangidwa ndi chikho, ndipo pa chikhopo pali kabowo komatidwa ndi kanembanemba kopyapyala, kale kankakhala kaukonde koyera ka kangaude, lero ambiri amaika kapulasitiki. Mawu a munthu akalowa, kanembanembako kamanjenjemera n'kuwasandutsa aja olira ngati njuchi, chikho n'kuwakuza. Ndiye mwa kagawidwe ka 1914 kaja badza ndi membranophone, m'bale wake wa ng'oma. Mabadza timakhala nawo aang'ono ndi aakulu, ndipo mzere wonse ukamaimba mumamva mawu apamwamba, apakati ndi a besi, monga kwaya.

Zopanga ana zilipo zambiri. Phesi la tsamba la papaya, kuboola kabowo pambali n'kumata kapulasitiki kumapeto, limasanduka badza laling'ono. Mabotolo agalasi othiramo madzi osiyana kuchuluka ndi abwino koposa. Mukawagogoda ndi supuni, la madzi ambiri limalira pansi, chifukwa chikunjenjemera ndi galasi lolemedwa ndi madzi. Mukauzira pakamwa pa botolo, la madzi ambiri lomwelo limalira pamwamba, chifukwa tsopano chikunjenjemera ndi mpweya wochepa umene watsalamo. Botolo limodzi, magulu awiri. Musawauziretu, afunseni anene okha chimene chasintha.

Wa kiyibodi, Chinkhoma

Bambo a kwaya, ndi ulemu wonse, pa solofa yokha ndikusiyana nanu pang'ono. Ana amenewa mawa akakhala m'mabandi a m'tchalitchi, ndipo kumeneko timalankhula ndi malembo. Wotsogolera akati tipite mu G, mwana wodziwa do re mi yekha amangoyang'ana. Amayi, ajambulireni kiyibodi pa katoni. Makiyi akuda amakhala awiri, atatu, awiri, atatu. Loyera la kumanzere kwa awiri akudawo ndi C, kenako D E F G A B n'kubwereranso pa C. Mukawerenga oyera ndi akuda omwe, octave ili ndi matheka 12. Pakati pa E ndi F palibe lakuda, pakati pa B ndi C palibenso, ndipo amenewo ndi matheka awiri aja bambo anena, mi fa ndi ti do. N'chifukwa chake do akakhala pa C mumayenda pa oyera okhaokha. Do akasamukira pa G mumafunika lakuda limodzi, F sharp, kuti masitepe akhale momwe aja. Akakhala pa F mumafunika B flat. Malembo sasuntha, solofa ndi imene imasuntha. Mwana akaona zimenezi ndi maso, kiyi yamveka.

Chord ndi manoti atatu kapena kuposa olira pamodzi. Nyimbo zambiri za m'makwaya athu zimayenda pa atatu: do mi so, fa la do, ndi so ti re. Mu C amenewo ndi C, F ndi G. Amayi, inu mukamaimba alito pamodzi ndi sopulano, tena ndi besi, anayi inu mukupanga ma chord omwewo ndi pakamwa.

Anzanga ambiri amaimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi n'kumadina batani la transpose, limene limakweza kapena kutsitsa kiyi lokha. Limathandiza pa changu, koma limapha khutu ndi zala, ndipo tsiku lopeza kiyibodi yopanda batanilo munthu amasowa pogwira.

Pa magulu, kiyibodi yathuyi ili m'gulu lachisanu limene linawonjezedwa pambuyo pake, electrophone, chifukwa mawu amapangidwa ndi magetsi. Piyano yeniyeni, ya makiyi 88, ili ndi nsambo m'kati zimene timahamala timamenya, ndiye ndi chordophone. Saxophone nayo imasokoneza anthu: ndi yachitsulo chonyezimira koma imawerengedwa ku woodwind, chifukwa chimayambitsa mawu ndi kabango kopyapyala ka pakamwa pake. Pa brass, monga trumpet, imanjenjemera ndi milomo ya woimbayo.

Mphunzitsi wa ku Santhe

Zikomo kwambiri abambo nonse, ndi inu achimwene a ku Chinkhoma. Za mabotolo ndi za kuwomba m'manja ndiyamba nazo sabata ino, ndipo katoni ya kiyibodi ndijambula. Ndatsala ndi mafunso awiri. Pa mayeso ana akhoza kufunsidwa magulu a orchestra aja, ndiye ndiphunzitse onse awiri kapena ndiwasokoneza? Chachiwiri, kuno kuli agogo ena amene amaimba bangwe, ndipo ndikufuna ndiwaitane m'kalasi. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anawamvapo n'kunena kuti bangwe wawo ndi wosachuna, sagwirizana ndi kiyibodi. Ine ndikamamvera sindimva cholakwika chilichonse. Kodi nyimbo zathu zonse zimayenera kulowa mu do re mi?

Mkulu wa kwaya, Kasungu boma

Achimwene a kiyibodi anena zoona, malembo awaphunzire ndithu. Ine ndimangoti solofa itsogole chifukwa chida chimene mwana aliyense ali nacho ndi pakhosi pake.

Amayi, agogowo aitaneni, ndipo mnyamatayo asakhudze bangwe wawo. Do re mi ndi sikelo imodzi mwa masikelo ambiri a padziko. Kiyibodi inagawa octave m'matheka 12 ofanana, ndipo kumeneko kunali kusankha kwa anthu a ku Ulaya kuti azitha kusintha kiyi mosavuta. Valimba ya Asena imagawa octave yomweyo m'masitepe asanu ndi awiri otalika pafupifupi mofanana, popanda timatheka tija ta mi fa ndi ti do. Mukaiika pambali pa kiyibodi manoti ena agwera pakati pa makiyi, koma woipanga anaichuna mosamala, ndipo mtengo umodzi ukasokonekera amaumva n'kuusema. Nyimbo zina zathu zimayenda pa manoti asanu kapena asanu ndi limodzi okha. Woimba bangwe amachuna motsatira mawu ake ndi nyimbo zake. Muwapemphe achune ana akuona, ayambe amasula nsambo kenako aibwezere. Akamabwerera pa mawu omwewo nthawi iliyonse, ana adziwa kuti pali muyeso umene agogowo akuutsata. Zimandipweteka ndikamamva achinyamata akutcha zida za makolo zosachuna, chifukwa ndi mmene ambiri azisiyira.

Za mayeso, phunzitsani onse awiri koma motsatana. Yambani ndi funso la bambo a kwa Wimbe, ana agawe okha zida za m'mudzi mwawo mpaka azolowere. Kenako muwaonetse kuti a orchestra amatcha chordophone kuti strings, aerophone anaigawa pawiri kukhala woodwind ndi brass, ndipo idiophone ndi membranophone anaziphatikiza mu percussion. Pa bolodi lembani kaligo pambali pa violin, chitoliro pambali pa flute, lipenga la nyanga pambali pa trumpet, valimba pambali pa xylophone. Oboe muwauze kuti ndi chitoliro cha timabango tiwiri pakamwa, ndipo akhoza kumva kalilidwe kake pophwatalitsa kumapeto kwa straw yomwera chakumwa, kudula nsonga yake ngati V n'kuuzira mwamphamvu. Ng'oma mukabwereka mubwereke ziwiri zosiyana kukula, ndipo imodzi mukaiwambire panja ana akumvetsera mawu ake asanawambe ndi atawamba.